Ana athu obwera kudzaphunzira ku Joni asasankhe kokhala poyang'ana lendi yokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi makolo komanso ophunzira a m'sukulu zaukachenjede za kwathu amene akukonzekera kubwera kuno ku Johannesburg pa ndondomeko yosinthana ophunzira, imene mwana amachoka pa yunivesite yake n'kukaphunzira pa ina kwa miyezi isanu kapena chaka chimodzi asanabwerere kukamaliza maphunziro ake. Ndakhala mumzinda uno zaka zoposa 15, ndipo chaka chilichonse, makamaka mu Januwale ndi mu Juni, ndimalandira mauthenga ochokera kwa abale, anansi ndi anthu a kumpingo, onse ali ndi funso limodzi: kodi kumene kuli zipinda zotchipa n'kuti? Funso limeneli si loipa, pakuti tonse tikudziwa mmene kwacha imapepukira ikasinthidwa kukhala randi. Koma liyenera kubwera pambuyo pa mafunso ena, ndipo ine ndidazindikira zimenezi mwana wa mlongo wanga atavutika ali m'manja mwanga.

Mwanayo adafika kumayambiriro kwa Julayi 2023 kudzaphunzira semesita imodzi pa University of Johannesburg, ku kampasi ya Kingsway ku Auckland Park. Asananyamuke, achemwali adandiimbira foni n'kunena kuti, “Achimwene, mwanayu ndi wanu, palibe chifukwa choti azikalipira lendi kwa anthu osawadziwa inu mulipo.” Monga malume wake sindidaone cholakwika m'mawu amenewa, ndipo ndidakondwa kuti m'nyumba mwanga mukhala mwana wophunzira. Ine ndimakhala ku Turffontein, kummwera kwa mzinda, kumene Amalawi tilipo ambiri ndipo munthu sasowa usipa kapena mpunga wa kilombero wobwera ndi mabasi. Pa mapu, Turffontein ndi Auckland Park sizioneka zotalikirana. Chimene mapu sanena n'chakuti mwanayo ankayenera kukwera minibasi yokamutsitsa m'tauni, kenaka n'kuyenda wapansi kudutsa pakati pa mzinda mpaka kusiteji yaikulu ya Bree, komwe ankakafola pamzere kudikira minibasi yachiwiri, ndipo madzulo ankabwereza ulendo womwewo.

Julayi wa kuno ndi wosiyana ngakhale ndi wa ku Dedza. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, motero mbandakucha udzu umayera ndi chisanu ndipo zala zimalephera kugwira kiyi wa pachipata. Pa 10 Julayi chaka chimenecho kudagwa ngakhale chipale chofewa, chimene ambiri anali atachiona komaliza mu 2012. Chinalinso chaka chimene magetsi ankazimitsidwa mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse, moti masiku ambiri mwanayo ankadzuka m'ma 4:30 mumdima, madzi osamba ali ozizira. Adaphunzira msanga kukweza chala m'mwamba poimitsa minibasi yopita m'tauni, komanso kupatsirana ndalama mzere ndi mzere mpaka zikafike kwa wokhala kutsogolo, amene amawerengera dalaivala chenji chifukwa kuno kulibe kondakitala. Zimenezo sizidamuvute. Chidamuvuta ndi dzuwa, limene m'nyengo imeneyo limalowa cha m'ma 5:30, nthawi yomwe anzake ankayamba kukumana mulaibulale kuti achite ntchito ya pagulu. Iye ankayenera kusankha pakati pa kukhala ndi anzakewo n'kudutsa m'tauni usiku, kapena kuwasiya n'kuthamangira minibasi.

Tsiku lina mu Ogasiti adasankha kutsalira. Ali pakati pa masiteji awiri aja foni idalira, ndipo iye adaitulutsa m'thumba monga akadachitira ku Zomba. Anyamata awiri adamupanikiza pachitseko chachitsulo cha sitolo yotseka, n'kumulanda foniyo pamodzi ndi chikwama chimene munali laputopu yokhala ndi ntchito yake yonse ya sukulu. Adafika kunyumba itadutsa 8 koloko, atathandizidwa ndi mayi wina wogulitsa zipatso amene adamupatsa ndalama ya minibasi. Adakhala patebulo, nsima osaikhudza, ndipo patapita nthawi adati, “Amalume, si za foni zokha ayi. Ine sindikutha kuwerenga. Ndikamafika kuno ndimakhala nditatheratu.” Mawu amenewa adandipweteka kuposa kubedwako, chifukwa ndidaona kuti chikondi chathu chomwe, changa ndi cha amayi ake, ndicho chinkamudyera maphunziro amene adadzera.

Usiku womwewo tidatenga pepala n'kuwerengera. Maminibasi anayi pa tsiku ndi maulendo 20 pa sabata, kapena 80 pa mwezi, osawerengera masiku amene ankachedwa n'kuitanitsa galimoto pa foni, imene ulendo umodzi unkadya ndalama ya minibasi ya masiku angapo. Nthawi ya pamsewu inkayandikira maola atatu tsiku lililonse. Titaphatikiza zonse, malo amene tinkati ndi aulere adapezeka kuti sadali aulere, ndipo kusiyana kwake ndi lendi ya chipinda cha pafupi ndi sukulu kudali kochepa kuposa mmene tinkaganizira. Kumapeto kwa mweziwo adasamukira ku Westdene, m'nyumba imene idali pa mndandanda wa nyumba zovomerezedwa ndi yunivesite, ulendo wa mphindi 15 wapansi kukafika pachipata cha kampasi. Loweruka madzulo ankabwera kwathu, n'kubwerera Lamulungu atadya nsima ya ndiwo za kwawo.

Chotero funso loyamba limene wophunzira ayenera kufunsa ndi lakuti, kodi makalasi anga akakhala pa kampasi iti? Ambiri a ife timangomva dzina la yunivesite n'kuganiza kuti ili pamalo amodzi, koma kuno siziri choncho. University of Johannesburg idapangidwa mu 2005 pophatikiza sukulu zingapo zimene zidali kale, n'chifukwa chake ili ndi makampasi anayi: awiri ku Auckland Park, wa Kingsway ndi wa Bunting Road, wina ku Doornfontein, kummawa kwa tauni, ndi wina ku Soweto. Wophunzira amene wachita lendi ku Melville poganiza kuti wayandikira sukulu, pomwe maphunziro ake ali ku Doornfontein, wadzipatsa yekha ulendo wodutsa mzinda m'mawa uliwonse. Nayo University of the Witwatersrand, imene timangoitcha Wits, ili ndi makampasi ake aakulu ku Braamfontein, mbali ziwiri za msewu wa M1, koma ophunzira zaumoyo, zauphunzitsi ndi ena a zamalonda amaphunzirira ku Parktown, ndipo a zaudokotala amapitanso ku zipatala zophunzitsira, kuphatikizapo Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Mayunivesite onse awiriwa amayendetsa mabasi onyamula ophunzira pakati pa makampasi, motero n'kwanzeru kufunsiratu malo amene mabasiwo amaima ndi nthawi imene basi yomaliza imanyamuka, kenaka n'kufunafuna chipinda pafupi ndi malo amenewo.

Za madera enieniwo ndinganene zimene ndaona ndi maso. Braamfontein ndi dera la ophunzira kwenikweni, la nyumba zosanja zogawidwa m'tizipinda, masitolo otseka mochedwa ndi anthu ambiri pamsewu, ndipo ndi pafupi ndi Park Station, pomwe mabasi ambiri a maulendo akutali amafikira komanso pomwe pali siteshoni ya sitima ya Gautrain. Wophunzira wa ku Wits amene wapeza malo kumeneko amafika m'kalasi wapansi, ngakhale kuti phokoso la Lachisanu usiku silimuchitira chifundo wofuna kuwerenga. Parktown ndi yachete ndipo ili ndi mitengo yambiri, koma misewu yake imakhala yopanda anthu kukangoda, ndipo msewu wopanda anthu si msewu wotetezeka nthawi zonse. Kumadzulo kuli Auckland Park, Westdene, Brixton ndi Melville, komwe nyumba zakale za mabanja zidasandutsidwa zogonamo ophunzira, zina zosamalidwa bwino, zina zothinitsa ana ambiri pa bafa limodzi. Mabasi a Rea Vaya, amene adayamba kuyenda mu 2009, amadutsa ku Auckland Park popita ku Soweto, ndipo ndi odalirika kwa amene ali pafupi ndi siteshoni yake. Wophunzira wachisilamu angaganizirenso za Mayfair ndi Fordsburg, komwe kuli mizikiti, chakudya cha halali ndi Amalawi ambiri, ndipo sikutali ndi mayunivesite onse awiri. Za Rosebank ndi Sandton sinditaya nazo nthawi, chifukwa lendi ya kumeneko si ya thumba la wophunzira wa kwathu.

Komabe dzina la dera palokha silokwanira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna makolo andimvetse. Mumzinda uno msewu umodzi ukhoza kukhala wowala, wa alonda ndi anthu oyenda, pomwe wotsatira wake uli wamdima ndipo ngakhale eni dera sadutsamo dzuwa likalowa. Wochita lendi salipira chipinda chokha, amalipiranso njira imene azidutsa kawiri tsiku lililonse atanyamula mabuku ndi laputopu, ndipo njirayo sioneka pa chithunzi chilichonse chimene eninyumba angatumize. Pafunika munthu woti aiyende ndi mapazi ake, kuchokera pachipata cha kampasi mpaka pakhomo la nyumbayo, ndipo aiyende madzulo, pa ola limene mwanayo azidzaweruka, osati masana Lamulungu pamene paliponse pamaoneka pamtendere. Aone ngati magetsi a mumsewu akuyaka, ngati pali malo a tchire kapena mlatho wodutsa pansi, ngati ophunzira ena amayenda njira yomweyo, ndiponso ngati chipata cha nyumbayo chimatsekedwa koma n'kutha kutsegulidwa msanga ndi amene ali mkati.

Mfundo yomalizayi ndaitchula ndi mtima wolemera. Pa 31 Ogasiti 2023, kusanache, moto udabuka m'nyumba yosanja yotchedwa Usindiso ku Marshalltown, pakati pa tauni, ndipo anthu 76 adataya miyoyo, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Nyumbayo idali imodzi mwa zimene zidalandidwa ndi anthu amene amatolera lendi pomwe si eni ake, mkati mwake mutagawidwa tizipinda ta matabwa ndi zinthu zina zosachedwa kuyaka, njira zothawira zili zotsekeka. Boma la chigawo cha Gauteng lidakhazikitsa komiti yofufuza imene idatsogoleredwa ndi woweruza wopuma pa ntchito, Sisi Khampepe. Amene adafa kumeneko sadali anthu osaganiza, adali anthu osauka amene adapita kumene lendi idali yotsika, monga aliyense wa ife akadachitira. Nyumba zoterezi zidakalipo m'tauni ndi m'madera ozungulira, ndipo wophunzira wongofika kumene, wosadziwa mzinda, akhoza kulowamo osazindikira. Sindikunyoza Hillbrow, Berea kapena Yeoville, pakuti kumeneko kumakhala mabanja ambiri olemekezeka, muli nyumba zina zoyendetsedwa bwino, ndipo ine ndimakagula ndiwo kumsika wa ku Yeoville. Ndikungonena kuti ngati lendi yatsika modabwitsa, ngati wotolera ndalama akukana kupereka lisiti, ndipo ngati mawaya a magetsi akungolendewera m'makonde, mwana wathu asagonemo ngakhale usiku umodzi.

Vuto lina limayamba mwana asananyamuke n'komwe. Chaka chatha mnyamata wina wa kumpingo kwathu kumudzi adaona pa intaneti zithunzi za chipinda chokongola ku Braamfontein, chokhala ndi bedi latsopano, desiki ndi zenera loyang'ana mzinda. Amene ankadzitcha mwini wake adamuuza kuti ofuna chipindacho ndi ambiri, motero atumize dipoziti ndi lendi ya mwezi woyamba tsiku lomwelo. Makolo adagulitsa matumba a soya n'kutumiza. Nditamuperekeza kumaloko tsiku limene adafika, mlonda wa pachipata adangoyang'ana zithunzizo n'kupukusa mutu, nati mwezi umenewo tidali anthu achitatu kubwera nazo, ndipo nambala ya foni ija idali itasiya kale kugwira. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndalama isatumizidwe pokhapokha munthu wodalirika atalowa m'chipindacho, kapena malowo atapezeka pa mndandanda umene ofesi ya yunivesite yoona za ophunzira akunja kapena yoona za malo ogona yapereka. Ngati zonsezi sizitheka, kuli bwino mwanayo afikire kwa mbale kwa sabata imodzi kapena ziwiri akufunafuna malo ali konkuno.

Ana athu ambiri amaopanso kufunsa za ufulu wawo poganiza kuti mlendo alibe mawu, chonsecho lamulo la lendi la dziko lino, Rental Housing Act la 1999, limateteza aliyense wochita lendi posayang'ana kumene adachokera. Wochita lendi akapempha mgwirizano wolembedwa, eninyumba ayenera kuupereka, ndipo ayenera kupereka lisiti pa ndalama iliyonse imene alandira. Dipoziti iyenera kusungidwa kubanki mu akaunti yopindula chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha wochita lendi. Asanalowe m'nyumba, awiriwo ayenera kuyendera limodzi chipindacho n'kulemba zonse zimene zili zowonongeka kale, ndipo ndikulangiza kuti mwanayo ajambule ndi foni mng'alu uliwonse wa pakhoma ndi banga lililonse la pa matiresi, chifukwa pa tsiku lotuluka ndi pamene mikangano imabuka. Ngati palibe chowonongeka kapena ngongole, dipoziti iyenera kubwezedwa pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha, ndipo ngati pali zokonzetsa, yotsalayo ibwezedwe pasanathe masiku 14 zitakonzedwa. Eninyumba saloledwa kutsekera munthu panja kapena kumudulira madzi ndi magetsi mwa mphamvu zawo zokha. Pakakhala kusamvana pali bwalo la Rental Housing Tribunal la chigawo cha Gauteng, limene limamva madandaulo popanda kulipiritsa. Izi n'zofunika kwambiri kwa wophunzira wa semesita imodzi, amene amakhala ndi tikiti ya basi m'manja tsiku limene mgwirizano ukutha, ndipo eninyumba ena amadalira kuti akangowoloka Beitbridge sadzabweranso kudzalonjerera ndalama yake.

Pa chifukwa chomwecho awerenge bwino kutalika kwa mgwirizanowo. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Febuluwale n'kutha cha mu Novembala, ndipo nyumba zambiri za ophunzira zimafuna munthu asainire miyezi 10 kapena 12, pomwe wathuyu akukhala miyezi isanu yokha. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limalola munthu kuthetsa mgwirizano wotere atapereka chidziwitso cholembedwa cha masiku 20 a ntchito, koma eninyumba ali ndi ufulu womulipiritsa chindapusa choyenerera. Kuli bwino kunena poyera pachiyambi pomwe kuti ukukhala mpaka liti, ndipo tsikulo lilembedwe m'pepala. Pepala lomwelo lidzamuthandizanso kubanki, komwe kawirikawiri amafuna umboni wa kumene munthu akukhala asanamutsegulire akaunti.

Afunsenso za madzi ndi magetsi, chifukwa lendi imene yalembedwa nthawi zina siphatikiza zimenezi. Nyumba zambiri zili ndi mita yogulira mayunitsi monga kwathu, ndipo m'nyengo yozizira giza ndi hita zimadya mayunitsi mofulumira moti ana okhala m'nyumba imodzi amayamba kukangana za amene agule. Madera okwera a kumadzulo, monga Brixton, Westdene ndi Melville, akhala akuvutika ndi kuuma kwa mipope kwa masiku angapo motsatizana m'zaka zapitazi, motero nyumba imene ili ndi thanki yosungira madzi ndi yamtengo wapatali kuposa imene ili ndi makatani okongola. Chipinda choyang'ana kumpoto chimalandira dzuwa m'nyengo yozizira, pomwe choyang'ana kummwera chimakhala ngati mtsuko wa madzi. Ndipo mwana aliyense auzidwe mwamphamvu kuti mbaula ya makala siilowa m'chipinda chotseka mazenera, ngakhale kutazizira chotani, pakuti mpweya wake sununkha koma umapha munthu ali m'tulo.

Ndikudziwa chimene chimawakoka makolo kuti mwana akakhale pakati pa Amalawi, ndipo sindichipeputsa. Agogo athu amene ankabwera kuno kudzera ku Wenela sankasankha pogona, ankaikidwa m'makomponi a pamigodi, ndipo chimene chinkawalimbitsa mtima chidali mnzawo wa kumudzi amene adawatsogolera. Mwambo umene adatisiyira, woti wobwera kumene afikire kwa wakwawo, wapulumutsa anthu osawerengeka, ndipo wandipulumutsa inenso. Ngakhale pa nthawi zoopsa, monga mu Meyi 2008 pamene ziwawa zolimbana ndi obwera zidayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, tidabisana ndi kudyetsana chifukwa cha mwambo womwewo. Koma wofuna ntchito ndi wophunzira wa miyezi isanu ali ndi zosowa zosiyana. Wophunzirayu adadzera laibulale, labotale, aphunzitsi ndi anzake ochokera ku Limpopo, ku Lesotho ndi ku Congo, amene adzakhala anzake a ntchito m'tsogolo, ndipo zonsezi zimapezeka kwa amene angathe kukhala pa kampasi mpaka madzulo popanda mantha a ulendo wobwerera.

Pempho langa lipite kwa akuluakulu a mayunivesite a kwathu amene amatumiza ana kuno, kuti asamangowapatsa kalata yowavomereza ndi malangizo a chiphaso, koma aziwauzanso dzina la kampasi imene akaphunzirepo ndi ofesi imene ingawapatse mndandanda wa nyumba zovomerezeka, miyezi iwiri asananyamuke, chifukwa zipinda zabwino za pafupi ndi sukulu zimatha msanga. Lipitenso kwa Amalawi anzanga a kuno, a ku Rosettenville, ku Diepsloot, ku Cosmo City ndi kwina konse, kuti mbale akatiimbira za mwana wake, tisafulumire kunena kuti abwere adzagone pabalaza, koma tiyambe tafunsa kumene akaphunzire, ndipo ngati kwathu n'kutali tinene zoona, kenaka tidzipereke kukamuonera malo.

Loweruka likubwerali ndikupita ku Brixton kukaona chipinda cha mtsikana wa ku Balaka amene akuyembekezeka kufika semesita ikubwerayi. Ndagwirizana ndi eninyumba kuti tikumane 6 koloko madzulo, ndipo galimoto ndikaisiya pafupi ndi chipata cha kampasi kuti mtunda wotsalawo ndiuyende wapansi ndikuyang'ana wotchi. Ndikatsegula mpope, ndikapempha kuona mita ya magetsi ndi khomo lothawira, ndipo ndikacheza ndi ana amene akukhalamo kale eninyumbawo atatalikira. Bambo ake a mtsikanayo ndawauza kuti ndalama aisunge kaye mpaka ndiwaimbire Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Turffontein,
Johannesburg